Windows, Mac Kapena Linux: Tisungitse Kuti Zinsinsi Zathu?

Pa holide yapitayi nditafika kwathu ku Lungwena ndinapeza amalume atabwera kuchokera ku Joni. M'katundu wawo munali laputopu yakale imene abwana awo adawapatsa. Mayi anali ataipezera kale ntchito, yoti izisunga kaundula wa banki m'khonde ya amayi a m'mudzi mwathu: mayina, ngongole ndi masheya a aliyense. Ine mumtima ndinali ndi zanga. Ndinkafuna kuphunzirirapo kulemba mapulogalamu m'chinenero cha Python.

Tsono vuto linali ili. Laputopuyo inkayendera Windows 10, ndipo pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft idasiya kutumiza zigamba zotseka mabowo olowera akuba mu Windows imeneyi, kupatula kwa okhawo olembetsa mwapadera. Windows 11 imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0, ndipo makina athuwo analibe. Mkulu wina wokonza mafoni pa boma adandiuza kuti iye atha kuikamo Windows 11 yokopera pa fulashi yake, bola ndiyambe ndazimitsa pulogalamu yolondera mavairasi. Ndinakana. Kodi munthu angakuuzeni kuti muthamangitse mlonda kaye kuti iye alowe bwino m'nyumba, inu n'kuvomera? Ndalama za amayi aja sindikanaziika m'manja mwa fulashi yosadziwika kumene idachokera.

Anzanga aseminale ambiri amayesa kuti kompyuta ndi Windows basi. Ayi ndithu. Pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta ilipo ya mitundu ingapo, ndipo yotchuka ndi itatu. Windows ndi imene tidaizolowera m'sukulu ndi m'maofesi, ndipo pafupifupi makina osindikizira alionse amagwirizana nayo. Ya kampani ya Apple, yotchedwa macOS, njokongola, ndipo wofuna kupanga mapulogalamu a iPhone amaifuna. Koma imabwera ndi makina ake omwe, a mtengo woti bambo wa usodzi sangaulote, choncho sinditayapo nthawi.

Yachitatu ndi Linux. Adaiyamba mu 1991 ndi Linus Torvalds, mnyamata wa zaka 21 wa pa yunivesite ya Helsinki ku Finland. Dziko limeneli ife a ku Lungwena timalidziwa, pakuti madokotala a yunivesite ya Tampere adayamba kuchita kafukufuku wa thanzi la ana pa chipatala chathu pamodzi ndi a College of Medicine m'zaka za m'ma 1990. Linux njaulere, ndipo malemba onse amene adaipangira ali poyera kuti aliyense awerenge ndi kukonza. Mtundu wake wina udayambidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo adautcha Ubuntu, mawu omwe ife timati umunthu. Ngakhale kuno kwathu si yachilendo. Bungwe la Baobab Health, limene lidayamba ntchito pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe cha m'ma 2001, lidamanga makina olembera odwala pogwiritsa ntchito mapulogalamu aulere a mtundu womwewu, ndipo achinyamata a ku Malawi konkuno ndiwo ankawalemba.

Maganizo anga ndi akuti mwana wasukulu wofuna kuphunzira kupanga mapulogalamu ayambe ndi Linux. Python imakhala ilimo kale, zida zina umangoziitanitsa ndi mzere umodzi, ndipo mitundu yake yopepuka imathamanga pa makina amene ena adawataya. A Microsoft enieniwo adaika njira yoyendetsera Linux mkati mwa Windows, poona kuti olemba mapulogalamu akuifuna.

Koma chimene chimandikhudza kwambiri ndi nkhani ya chinsinsi. Windows 11 ya pakhomo imafuna kuti ulumikize intaneti ndi kutsegula akaunti ya Microsoft usanayambe kuigwiritsa ntchito. Mu Meyi 2024 kampaniyi idalengeza chinthu chotchedwa Recall, chojambula zonse zooneka pa galasi la kompyuta pakangopita timphindi, ati kuti mwiniwake azikumbukira zimene adachita. Anthu adadandaula kwambiri mpaka adachichedwetsa n'kuchikonza kuti chiziyaka pokhapokha mwiniwake atafuna. Sindikunena kuti iwo ndi akuba. Ndikungoti usipa woyezedwa pa ndowa anthu onse akuona ndi wosiyana ndi wa m'thumba lomanga kale. Wogulitsa wa thumbayo atha kukhala woona mtima, koma iwe ulibe poonera.

Wina anganditsutse kuti, "Kodi iweyo wa Fomu 3 udawerengapo malemba a Linux?" Sindidawerenge, ndipo sindingathe. Ndimadalira maso a anthu ena, ndipo maso amenewo nthawi zina amaodzera. Mu Malichi 2024 kudadziwika kuti munthu wina adakhala zaka ziwiri akudzionetsa ngati wothandiza pa kapulogalamu ka Linux kotchedwa XZ, mpaka adamukhulupirira, iye n'kubisamo khomo lakuseri. Adamugwira ndi katswiri wina, Andres Freund, atadabwa kuti makina ake akuchedwa ndi theka la sekondi lokha. Choseketsa n'chakuti Freund anali wantchito wa Microsoft! Komabe adatha kufufuza chifukwa malembawo anali poyera, ndipo khomolo lidatsekedwa lisanafike kwa anthu ambiri.

Tisaiwalenso kuti mbala yokhala ndi kiyi siisowa kuthyola chitseko. Pa Cashgate mu 2013 ndalama za boma zidatuluka kudzera m'makina a IFMIS, ndipo ozitulutsa anali anthu a mkati momwemo. Kumayambiriro kwa 2024 dziko lonse lidakhala masabata angapo osasindikiza mapasipoti makina ake atasokonezedwa, ndipo kuno ku Mangochi, kumene anyamata ambiri maso ali ku Joni, nkhaniyi idatiwawa. Chaka chomwecho Malawi idakhazikitsa lamulo loteteza mbiri za anthu zosungidwa m'makompyuta. Ndiye kaundula wa amayi uja si nkhani yamasewera.

Abambo athu ansembe ndi inu makolo, pempho langa n'lakuti makompyuta akale amene ali m'masukulu ndi m'maparishi musawataye chifukwa akana Windows 11. Tipatseniko awiri kapena atatu tiyeserepo.

Laputopu ya amalume ija ndidaikamo Linux Mint. Masiku awiri oyamba ndidavutika kufuna pamene chilichonse chili, ndipo mayi adakwiya poyesa kuti ndaiononga. Tsopano kaundula wawo ali mu LibreOffice, wotsekedwa ndi mawu achinsinsi amene akuwadziwa ndi iwo ndi msungichuma wa gululo. Ineyo adakana kundiuza.