Wosauka ndiye amagula modula

Tsiku lina ndili pamzere kuchigayo ndidamva bambo wina wovala bwino akukalipira mlonda wake pafoni. Momwe nkhani inkamvekera, mlondayo ankapempha kuti amupatseko pang'ono pamalipiro ake mwezi usanathe. Atadula foni, bwanayo adatembenukira kwa ife n'kunena kuti vuto la anthu oterewa ndi kusadziwa bajeti. Ena adagwedeza mitu kuvomereza. Ine ndidangoti chete, koma mawuwo adandikhala pamtima.

Abale anga, ndikukana. M'dziko muno mulibe katswiri wa bajeti woposa mayi wa ku Mtandire, ku Ndirande kapena ku Mchengautuwa amene amadzuka ndi K5 000 imodzi pansonga ya chitenje. Ndalama ija idatuluka mu 2022 tonse tikuyiopa, lero mayiyu amaigawa kuti ikwane ufa, makala, kamulu ka bonya, tomato, mafuta oyeza pasupuni ndi ndowa ziwiri za madzi a pakiyosiki, ndipo ana amagona atadya. Sadalembe pakope, koma amadziwa komwe kwacha iliyonse yapita. Ndi angati mwa ife a m'maofesi amene tingafotokoze komwe malipiro a mwezi watha adalowera?

Chomwe chimamugwetsa mayiyu si kusadziwa masamu. Ndi chakuti chilichonse amagula chodula kuposa momwe amagulira bwana uja.

Tiyeni tione ufa. Wolandira bwino amagula thumba la chimanga la makilogalamu 50, kukagayitsa, nkhani yatha. Wopeza za tsiku ndi tsiku amagula kajumbo ka ufa kaja timati walkman. Mutati muphatikize timajumbo tonse tomwe amagula pamwezi, mudzapeza kuti walipira ndalama zoposa mtengo wa thumba, pomwe ufa wake sudafike n'komwe pathumba. Mafuta ophikira chimodzimodzi: wogulitsa amaoda chigubu, n'kumathira m'timapepala, ndipo pakapepala kalikonse amaikapo phindu lake. Sitingamunene, nayenso akusaka ya ndiwo. Makala a pajumbo, shuga wa pasupuni, sopo wodula pakati, zonsezi zimaoneka zotchipa pogula, koma ndiye zodula kwambiri. Amene alibe furiji sangagule nyama kapena nsomba yambiri tsiku lomwe yatsika mtengo. Amagula ya lero pamtengo wa lero.

Nkhani yaikulu ili panyengo. Aliyense akudziwa kuti chimanga chimatchipa anthu akangokolola, cha mu Meyi ndi Juni, ndipo chimakwera kuyambira Disembala mpaka Malichi. Amene ali ndi ndalama yapadera amagula matumba ake khumi nthawi yokolola, kuthira mankhwala, kuunjika kuchipinda. Amene alibe amadikira kuti adzagule chimanga chomwecho chitafika pamtengo wolira nawo. Chomvetsa chisoni n'chakuti nthawi zambiri wogula modulayu ndi mlimi yemwe uja adachigulitsa motchipa kwa mavenda pofuna ya fizi ndi yobweza ngongole ya feteleza.

Kumbukirani zomwe tidaona posachedwapa. Mu Novembala 2023 kwacha idagwa mphamvu ndi K44 pa K100 iliyonse, itagwa kale ndi K25 pa K100 mu Meyi 2022. Boma lidakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K50 000 kufika pa K90 000 mu Febuluwale 2024. Chaka chomwecho ng'amba ya El Niño idaotcha mbewu, mpaka maboma 23 mwa 28 adalengezedwa kuti ali pangozi. Pofika kumayambiriro a 2025, thumba limodzi la chimanga m'misika ina lidafika pa K100 000. Tsono munthu wolandira K90 000, amene malipiro ake onse sankakwana thumba limodzi, akadalemba bajeti yotani? Lendi aichotse pati? Malipirowa adadzakwezedwanso m'chaka cha 2025 kufika pa K126 000, koma a bungwe la Centre for Social Concern, amene amawerengetsa mtengo wa zofunika pabanja m'mizinda yathu, akhala akusonyeza kuti zosowa za banja la anthu asanu ndi mmodzi zimaposa malipiro otere kangapo.

Ndalama ikapelewera, imene imatsala ndi ngongole, ndipo nayonso ngongole ili ndi tsankho. Wapantchito yokhazikika amapita kubanki kapena ku Sacco ndi pepala lake la malipiro. Mlonda amapita kwa wakatapila, komwe ukatenga K20 000 umabweza K30 000 pakutha pa mwezi, kwina mpaka K40 000. Mwezi wotsatira amauyamba ali kale m'dzenje.

Sindikunena kuti apakatikati, monga aphunzitsi, anamwino ndi makalaliki, akusambira mumkaka. Awa ali ndi mtanda wawo. Malipiro akangolowa, foni imayamba kulira: mayi kumudzi akufuna feteleza, mphwanga wathamangitsidwa kusukulu, malume agonekedwa kuchipatala, kwagwa maliro ndipo bokosi akuyang'ana iwe. Kukana sungakane, poti nawenso adakuphunzitsa ndi abale. Ambiri malipiro amafika atadulidwa kale ndi ngongole ziwiri kapena zitatu. Ena mavuto amadziitanira okha. Pali abambo amene mpaka lero akazi awo sadziwa kuti amalandira zingati. Amangosiya ya ndiwo patebulo m'mawa uliwonse ngati akulipira waganyu. Bambo wotere akusandutsa dala nyumba yake kukhala yogula za pawalkman, chikhalirecho akadakhala pansi ndi mayi, thumba la chimanga ndi chigubu cha mafuta zikadagulidwa tsiku la malipiro. Koma ngakhale zili choncho, wapakatikati ali ndi pothawira. Mwezi ukavuta amasiya nyama n'kudya nyemba. Wapansi uja akavutika amasiya nkhomaliro.

N'chifukwa chake ndimawavulira chipewa amayi a banki m'khonde ndi a chipereganyu. Iwowa adalizindikira kale vutoli. Akamasonkherana kuti mwezi uno alandire uyu, mwezi wamawa uyo, akupanga ndalama yochuluka nthawi imodzi, yomwe payekha munthu sakadaigwira. Ndi ndalama yotere yomwe imagula thumba m'malo mwa kajumbo. Ndaonapo amayi anayi oyandikana nyumba akusonkherana kugula chigubu chimodzi cha mafuta n'kugawana m'mabotolo. Amuna ambiri timaziona ngati zachibwana, koma ndiwo tikudyazo zikuchokera kumeneko.

Tsono ndibwerere kwa bwana wa kuchigayo uja, ndi ife tonse amene tili ndi mlonda, wantchito wa m'nyumba kapena wosamalira maluwa. Tisanawaphunzitse bajeti, tidzifunse ngati timawalipira pa tsiku lake. Kuchedwetsa malipiro ndi sabata imodzi, kwa inu n'kuiwala chabe, koma kwa iye ndi landilodi pakhomo ndi ulendo wa kwa wakatapila. Tidzifunsenso ngati zomwe timawapatsa zikufika n'komwe pamlingo womwe boma lidaika. Ndipo ngati tikufunadi kuwathandiza, nthawi yake ndi yokolola. Mukamakagula matumba anu ku Mitundu, ku Jenda kapena ku Lizulu, muonjezerepo atatu a wantchito wanu, muzimudula pang'onopang'ono pamalipiro popanda chiwongoladzanja. Ndalama yanu ibwerera yonse, galimoto ndi yomweyo, ndipo Febuluwale akadzafika simudzalandira foni ija idakukwiyitsani kuchigayo.