Alimi, ku Showgrounds kuli khomo lina loyenera kulowapo

Caka ciliconse, kumapeto kwa July ndi kuciyambi kwa August, alimi ambiri amakwera basi pa Chipata, Katete ndi Petauke kupita ku cionetsero ca zaulimi ku Lusaka. Amakaona mathirakitala, ng'ombe zonenepa ndi mbeu zatsopano za cimanga, nabwerako ndi mapepala a makampani a feteleza. Zimenezi n'zabwino. Koma mkati mwa mpanda womwewo wa Showgrounds muli nyumba ina imene ambiri amangoipitirira osaceuka. Dzina lake ndi Henry Tayali Visual Arts Centre, ndipo inatsegulidwa mu 1995. M'menemo amaonetsa zithunzi zojambula pamanja ndi ziboliboli za amisiri a dziko lino. Ife tikuti mlimi wofika ku Lusaka asabwerere kwao asanalowemo.

A Tayali anabadwira ku Serenje mu 1943. Anaphunzira ku Makerere m'dziko la Uganda ndi ku Düsseldorf ku Germany, namwalira mu 1987. Makolo amene anaperekezapo mwana ku University of Zambia anaona ciboliboli ca wophunzira womaliza maphunziro cimene ciri pabwalo la sukuluyo. Imeneyo ndi nchito ya manja ao. Pa zithunzi zao ankakonda kujambula khamu la anthu wamba, anthu opanikizana ndi olimbana ndi moyo wa m'tauni. Mlimi amene ali ndi mwana ku Kanyama kapena ku Chawama sadzasowa comva poziyang'ana.

Tikudziwa zimene ena adzanena: zimenezi n'za azungu ndi anthu ophunzira, ndiponso zithunzi za masiku ano sizioneka mutu wake. Zoonadi, mukalowa mungapeze mbuzi yopangidwa ndi zitsulo zakutha za njinga, kapena nsalu yopakidwa mitundu imene simungadziwe kumwamba ndi kunsi kwake. Koma kodi zimenezi n'zacilendo kwa ife? Pa thanthwe la Thandwe kufupi ndi Chipata ndi pa Kalemba ku Chadiza pali zojambula za makolo akale, ndipo zina mwa izo sizifanana ndi nyama iliyonse ya m'chire. Amai amene amakongoletsa zipupa ndi dothi lofiira, loyera ndi lakuda safunsidwa kuti mizere yao ikutanthauzanji. Wosema nkhope ya nyau amakulitsa dala mphuno kapena mano kuti anene kanthu za khalidwe la munthu, ndipo mwana wa zaka 10 amamva. Amisiri a ku Lusaka akucita zofananazo, kungoti zipangizo zasintha. A Stary Mwaba, mwacitsanzo, ajambulapo pa manyuzipepala akale nkhani ya Black Mountain, phiri la zinyalala za mgodi ku Kitwe kumene anyamata amafukula miyala moika moyo pangozi. Nkhaniyo siifuna digiri kuti munthu aimve.

Palinso cifukwa cina cacikulu. Zithunzi zabwino zambiri zimagulidwa ndi alendo, akazembe ndi anchito a mabungwe akunja, ndipo nchito yao ikatha amazilongedza ndi kupita nazo kwao. Wojambula sitingamuimbe mlandu, pakuti nayenso ali ndi lendi ndi ana a sukulu. Poona zimenezi, amai Cynthia Zukas pamodzi ndi a Tayali ndi amai Bente Lorenz anayambitsa bungwe la Lechwe Trust mu 1986, kuti ligule zina mwa nchitozi ndi kuzisunga muno. Cithunzi cochuka ca a Tayali cochedwa Destiny cinali m'manja mwa anthu akunja, ndipo bungweli ndilo linacigula. Mu 2018 linatsegula nyumba yake yoonetseramo pa Lagos Road ku Rhodes Park. Anthu anavutika zaka zoposa 30 kusungira a Zambia cuma cimeneci. Ngati eni ake sapita kukaciona, nanga anasungira yani?

Tiganizirenso ana. M'midzi yathu muli anyamata ndi atsikana amene amajambula ng'ombe ndi makala pa cipupa ca khichini, ena amaumba magalimoto a dothi kapena kupinda a waya. Kawirikawiri malipiro ao ndi mkwapulo, ati awononga kope la sukulu. Kholo limene laona ndi maso ake kuti munthu wa ku Serenje anafika ku Germany cifukwa ca luso lomwelo lidzayamba laganiza lisanathyole kamtengo. Sitikunena kuti mwana aliyense wojambula adzadya za luso lake. Ambiri sadzatero, monganso si onse oimba kwaya amene amatulutsa nyimbo pa wailesi.

Eni nyumba zimenezi nawonso ali ndi mbali yao. Zina ziri m'madera a anthu olemera monga Kabulonga, kuseri kwa mipanda, ndipo munthu wovala patapata amaopa kugogoda pa geti. Mau ofotokoza zithunzi amalembedwa kwambiri m'Cingelezi, nthawi zina Cingelezi covuta ngakhale kwa mphunzitsi. Kodi n'kovuta kuikapo mizere iwiri m'Cinyanja kapena m'Cibemba? Tipemphanso kuti pa masiku a cionetsero aziimika munthu pakhomo woitana alimi, monga acitira ogulitsa mbeu, ndi kuti zina mwa zithunzizi zizifikako ku Chipata kamodzi pa caka.

Kwa inu amene mudzapita, dziwani kuti kuona si kugula, ndipo palibe amene adzakukakamizani kutulutsa ndalama cifukwa mwaima nthawi yaitali pa cithunzi cimodzi. Musagwire ndi manja, ndipo mufunse musanajambule ndi foni. Cimene simunamve funsani woyang'anira, ndiyo nchito yake. Amene ali ndi tsiku lina lapadera apitenso ku Lusaka National Museum pa Independence Avenue, pafupi ndi Freedom Statue, imene inatsegulidwa mu 1996. Kumeneko amalipiritsa pakhomo, conco sungani kandalama pambali, ndipo ngati mwayenda ndi mwana mutengeni.