Maluwa pakhomo lotseka

Mlungu wathawu ndinaima pamsewu n'kumaonerera akuluakulu awiri, wina ali pamakwerero mnzake atagwirira, akupachika madengu a maluwa pakhoma la nyumba imene kale inali golosale ya m'mudzi uno. Golosaleyo inatsekedwa kalekale mwini wake atatisiya. Koma mawindo anawapaka utoto n'kujambulapo makatani, kuti wodutsa aziyesa muli anthu. Nditafunsa kuti kwagwanji, anandiyankha nkhope zili gwa, ati oweruza a Tidy Towns atha kutulukira tsiku lililonse, ndipo sachenjeza.

Kwa inu amene simunapondeko kuno ku Ireland, Tidy Towns ndi mpikisano wa ukhondo wa midzi ndi matauni. Unayamba mu 1958, ndipo oyamba kupambana anali a ku Glenties, m'chigawo cha Donegal. Ngakhale Kiltegan, kamudzi ka ku Wicklow komwe kuli likulu la ansembe a St Patrick amene timawadziwa ku Mzuzu ndi ku Chikwawa aja, kanapambanapo mu 1973. Nyengo yotentha ikafika, anthu amadzuka m'mamawa kutola zinyalala, kuzula udzu m'ming'alu ya msewu, kupenta mabenchi, zonsezi popanda malipiro. Mtima umenewu ndimausirira, ndipo woti n'kuunyoza palibe.

Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tiyeni tiung'ambe mkuyuwo.

Kamudzi ka ku Ireland kamene agogo akuno amakakumbukira kanali ndi zinthu zodziwika: tchalitchi, sukulu ya pulayimale, positi ofesi, polisi, golosale, bala, ndi bwalo la masewero. Nthawi zina zingapo mwa izi zinkakhala pansi pa denga limodzi. Ku Fethard, m'chigawo cha Tipperary, mpaka lero kuli bala ya McCarthy's imene imagulitsa mowa, imaphika chakudya, komanso imayendetsa maliro. Ku Dingle, kwa Foxy John's, munthu amagula misomali mbali ino n'kumwa mowa mbali inayo. Musaseke. Anthu amenewa anadziwa kuti mudzi waung'ono umafuna malo amodzi pomwe aliyense ali ndi chifukwa chofikirapo.

Nanga lero? Mu Januwale 2013 mokha boma linatseka mapolisi ang'onoang'ono 95. Mu 2018 kampani ya An Post inalengeza kuti mapositi ofesi 159 a kumidzi atsekedwa. Mabala oposa 2,000 atsekedwa chiyambire 2005, ambiri mwa iwo a kunja kwa Dublin. Wansembe amene ankasamala parishi imodzi tsopano akuthamangira zingapo, ndipo matchalitchi ena amachita kulandizana Misa.

Apa ndiye pamabwera anthu amene ndimalimbana nawo chaka ndi chaka, aja a m'maofesi a ku likulu, oyeza mudzi ndi kalikuleta. Iwo amati positi ofesi ikugulitsa masitampa ochepa, ndiye penshoni izingolowa ku banki. Masamu awo ndi olondola, sindikana. Chimene sichioneka pakalikuletapo n'chakuti gogo amene ankabwera Lachisanu lililonse kudzatenga penshoni yake sankangobwerera ndalama. Ankabwera kudzaonedwa. Akapanda kufika, mayi wa pakauntala ankatuma munthu kuti akagogode. Kodi banki ya pafoni inayamba yagogodapo pakhomo la munthu?

Mu Januwale 2013, khansala Danny Healy-Rae wa ku Kerry anapereka maganizo oti anthu okhala kutali m'midzi azipatsidwa ziphaso zowalola kuyendetsa galimoto atamwako pang'ono. Khonsolo inavomereza, boma linakana, ndipo dziko lonse lapansi linaseka, makamaka litamva kuti mkuluyu ali ndi bala yake ku Kilgarvan. Mankhwala ake anali oipa, chifukwa mowa ndi chiwongolero sizinagwirizanepo. Koma matenda amene ankanena ndi enieni: mlimi wosakwatira wa zaka 70, wokhala yekha kumapeto kwa kamsewu, amene amatha mlungu wathunthu akungolankhula ndi galu. Oseka aja anaseka n'kubwerera ku Dublin kumene basi imadutsa pakhomo. Zoona, kuli mabasi a Local Link amene akuthandiza, koma m'midzi yambiri ukaiphonya imodzi, tsiku lako lathera pomwepo.

Chodabwitsa n'chakuti zimene zatsala zamoyo ndi zija zosadalira siginecha ya ku likulu. Bungwe la masewero la GAA, lomwe linayambira ku Thurles mu 1884, lili ndi timu pafupifupi m'parishi iliyonse, ndipo osewera salipidwa. Tsiku la mpira mudzi wonse umathera kubwalo, ndi makanda omwe. Maliro nawo ndi nkhani ina. Wailesi za m'zigawo zimawerenga mauthenga a maliro tsiku ndi tsiku, anthu amafola kudzagwira chanza anamfedwa, ndipo m'madera ena a kumadzulo oyandikana nawo ndi amene amakumbabe manda. Mmalawi aliyense angazimvetse zimenezi popanda womasulira. Chisoni chake n'chakuti m'midzi ina maliro ndiwo atsala okha osonkhanitsa anthu.

Tsono a Tidy Towns, pitirizani kuyenda ndi mapepala anu, maluwa ndi abwino. Koma onjezani mzere umodzi pafomupo: mwa zitseko za pamsewu waukulu, ndi zingati zimene zimatseguka m'mawa? Mudzi umene uli ndi golosale yothothoka utoto koma yogulitsa buledi uzipeza malikisi ambiri kuposa wa makatani ojambula. Ndipo inu abale amene mumatumiza zithunzi za timidzi tokongolati kumudzi, muziwauzanso kuti kukagula mkaka n'kofunika galimoto.