Chikwangwani cha bizinesi chasamukira pafoni

Kale munthu akatsegula malo ogona alendo kapena lesitilanti m'mbali mwa msewu wa M1 ku Dedza, ankangolembetsa chikwangwani n'kuchikhoma pamphambano, basi. Masiku ano mlendo wochokera ku Lilongwe kapena kunja amayamba wafunsa Google pafoni yake asananyamuke: akagona kuti, akadya kuti, akamulondolera ndani. Mayina amene atulukira pamwamba ndiwo amadya ndalama yake. Otsalawo ali ngati okala ya kuseri kwa msika.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri anthu ozungulira mapiri a Chongoni. Kumeneku kuli malo 127 a zojambula zapamiyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa zokhudza chinamwali ndi gule wamkulu. Bungwe la UNESCO lidaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Mlendo wokwera ku Chentcherere, ku Namzeze kapena ku Mphunzi amafuna womutsogolera, wakabaza, chakudya, ndipo pobwerera amanyamula mbatata ya kachewere kapena chiboliboli. Koma mlendo ndi mame. Akapanda kupeza dzina la malo ogona a ku Dedza, amaona zojambulazo masana n'kukagona ku Lilongwe.

Vuto ndi loti njira imene Google imasanjira mayinawa siikhazikika. Kampaniyi, yomwe likulu lake lili ku California, imasintha kwambiri kasanjidweka kangapo pachaka, osafunsa mwini bizinesi aliyense. Mu 2011 idatsitsa masamba ongokopera nkhani za ena. Mu 2012 idalanga amene ankagula malinki pofuna kuoneka otchuka. Mu April 2015 idayamba kukondera masamba owerengeka bwino pafoni. Mu 2024, kuyambira ku America, idayamba kuika pamwamba penipeni yankho lolembedwa ndi makina, moti wofunsayo akhoza kukhutira osatsegula tsamba la wina aliyense.

Choncho bambo amene adalipira mnyamata wa mutauni kuti amupangire webusaiti zaka khumi zapitazo, n'kuisiya osaigwiranso, akhoza kutsika pa mndandanda iye osadziwa. Amangoona kuti foni yasiya kulira, n'kuyamba kukayikira anzake opikisana nawo kuti amupita pansi. Pamwamba pamatsala makampani akuluakulu osungitsira zipinda, omwe ali ndi akatswiri olondola kusintha kulikonse, ndipo amatapa gawo lawo pa ndalama imene mlendo walipira.

Komabe si bwino kungoloza chala Google. Kusintha kwambiri kwakhala kolimbana ndi achinyengo, ndipo wochita bizinesi mwachilungamo sayenera kudandaula nako. Oyenera kuwachenjerera ndi anthu amene amayendayenda kulonjeza kuti akapatsidwa ndalama aika bizinesi pa nambala wani. Google yomweyo imanena poyera kuti palibe angalonjeze zimenezo. Njira zachidule za anthu otere ndi zomwe zimadzagwetsa tsamba kasanjidwe kakasinthanso.

Pali mbali ina imene wamng'ono angapikisane ndi wamkulu. Kulembetsa bizinesi pa mapu a Google n'kwaulere, ndipo posanja mabizinesi a m'dera kampaniyi imati imayang'ana zitatu: ngati bizinesiyo ikugwirizana ndi chimene munthu akufuna, kufupika kwake, ndi kutchuka kwake, kuphatikizapo ndemanga za amene adafikapo. Pa kufupika, kampani ya ku London singapose malo ogona a pa Linthipe kapena pa boma la Dedza. Chofunika ndi nambala ya foni yogwira, nthawi yotsegulira yoona, zithunzi zenizeni za zipinda, ndi kupempha mlendo wokhutira kuti alembepo mawu awiri. Mwini malo akudziwanso zimene katswiri wakutali sangalembe: momwe msewu wa ku Mphunzi umakhalira mu February, kapena kuti mu June ndi July mlendo asaiwale juzi.

Khonsolo ya Dedza, unduna woona zokopa alendo ndi nthambi yosamala malo a mbiri yakale ali ndi udindo pano. Tsamba limodzi lodalirika, lokonzedwa pafupipafupi, lotchula otsogolera alendo ovomerezeka, mitengo yolowera ndi malo ogona apafupi, lingathandize mabanja ambiri amene sangakwanitse webusaiti yawoyawo.

Eni mabizinesi asachotsenso chikwangwani chapamsewu kapena kutaya kabuku ka manambala a makasitomala akale, chifukwa malo a pa Google ndi khasu lobwereka. Koma mabanja amene ali ndi mwana wa ku sekondale wodziwa kugwiritsa ntchito foni angayambe ndi chinthu chimodzi Loweruka lomwe lino: kulemba dzina la bizinesi yawo pa Google, n'kuona ngati likutuluka, komanso ngati nambala imene yalembedwapo idakali yawo.