Kamakina ka shuga: ndani akudya phindu lanu?

Amai ndi atate a pa msika wa Chawama, kamakina kopimira shuga mumagula kamodzi, koma ma strip mumagula moyo wanu wonse. Mwaona kuti strip ya kampani ina siilowa m'makina anu? Anachita dala. Patent imaletsa ena kukopera kwa zaka 20, manje mwini wake amaika mtengo mmene afunira.

N'chimodzimodzi ndi GeneXpert, makina opimira TB m'zipatala za boma. Makatiriji ake amachokera ku kampani imodzi chabe, Cepheid ya ku America. A MSF anawerengetsa kuti angagulitsidwe pa madola 5, kampani n'kupezabe phindu. Anthu atachita phokoso, mu 2023 mtengo unatsika kuchoka pa madola 9.98 kufika pa 7.97. Phokoso limagwira nchito!

Koma boma lathu lili zii. Asakunamizeni ati palibe chochita. Mu 2004, nthawi ya a Mwanawasa, Zambia inapereka chilolezo chopangira ma ARV osadikira eni patent. Lamulo la ma patent la 2016 limapatsanso boma mphamvu imeneyo. Nanga analilembera kuti ligone m'kabati?

Imwe mumapsa ndi dzuwa pa thebulo la tomato, phindu n'kuthera ku famasi. Tifuna ZAMMSA ikambirane mtengo, igule ma strip ambiri, apezeke mahala pa kiliniki. A MP akabwera pa msika, musalandire chitenge chabe. Afunseni za ma strip!