Mtsogoleri Amene Adakana Kubisala



Ife a kuno ku Makuzi sitidaiwale usiku wa pa 31 Disembala 2018, pamene zigawenga zidathyola nyumba kufupi ndi Kande, m'boma lathu lomwe lino la Nkhata Bay, ndi kupha bambo wachialubino mwana wake akuona. Masiku amenewo abale athu ambiri achialubino ankaopa kupita kumunda ndi kumsika, ndipo makolo ena adaletsa ana awo kupita kusukulu. Anthu oposa 134,000, malinga ndi kalembera wa 2018, adasanduka ngati nyama zosakidwa m'dziko lawo lomwe.

Nthawi yovutayo bambo Overstone Kondowe, amenenso ndi wachialubino, sadabisale. Monga mtsogoleri wa bungwe la APAM, ankayankhula poyera, kudzudzula apolisi ndi boma chifukwa chochedwa kuteteza anthu. M'mwezi wa Marichi 2019 bungwelo lidatsogolera ulendo wopita kunyumba ya boma ku Lilongwe kukapereka madandaulo. Tisaiwale kuti munthu wachialubino amavutika kuona bwino, ndipo dzuwa limamuwotcha khungu mpaka kuyambitsa khansa. Kuonekera pagulu kudali kudziika m'maso mwa akupha. Iwo adadziwa zonsezi, koma adaimabe.

M'mwezi wa Okutobala 2021, anthu a dera la kumpoto chakum'mawa kwa boma la Nkhotakota adawasankha kukhala phungu wawo, woyamba wachialubino kulowa m'Nyumba ya Malamulo ya dziko lino. Sitikuyamikira chipani, pakuti Mpingo sulozera anthu chipani. Tikuyamikira mtima wolimba, wa iwo ndiponso wa ovota amene adaona munthu pamene ena ankaona malodza kapena chuma.

Pano tiyenera kudzigunda pachifuwa. Mu 2022 Bwalo Lalikulu lidapeza wansembe mnzathu wolakwa pa mlandu wokhudza kuphedwa kwa mnyamata wachialubino wa ku Machinga. Tchimoli lidalowa ngakhale m'nyumba mwathu, choncho sitikulankhula ngati osalakwa ayi.

Kuombera m'manja munthu mmodzi n'kosavuta, koma mutu umodzi susenza denga. Tikupempha Miphakati yathu kuti idzifunse: kodi mwana wachialubino wa m'mudzi mwathu amakhala kutsogolo m'kalasi kuti aone pabolodi? Kodi mafuta oteteza khungu lake amapezeka pachipatala chathu? Kodi chitseko cha nyumba yake n'cholimba? Nanga posankha atsogoleri, kuyambira kulimana mpaka ku Nyumba ya Malamulo, timayeza nzeru ndi khalidwe, kapena thupi?

Ulamuliro wabwino umadziwika pamene wofooka agona tulo mosaopa. Kufikira tsikulo, ntchito imene bambo Kondowe adaiyamba ili pamapewa pa tonsefe.

Ambuye, amene adalenga munthu aliyense m'chifaniziro chawo, atipatse mtima wosaopa.