Babatoni si choseweretsa cha ana

Aliyense amene anafikako kwa Chembe, ku Cape Maclear m'boma la Mangochi, anawaonapo anyamata oimba pamchenga dzuwa likamalowa. Ng'oma zawo n'zazigubu, gitala n'ngwachitini, ndipo pambali pamakhala wina akulimbana ndi chimtengo chachitali cha waya mmodzi. Ameneyo ndiye babatoni, besi yathu ya Chimalawi. Alendo amajambula, n'kuponya kangachepe, basi zathera pomwepo. Eni dzikofe timangoti n'zachibwana.

Apa mpomwe tikulakwitsa. Funsani aliyense woimba jazi, akuuzani kuti nsanamira ya bandi ndi besi. Wagitala akhoza kuphonya, anthu n'kumayesa ndi luso, koma wabesi akangotsalira pang'ono, miyendo ya ovina onse imasokonekera. Iye amagwira ntchito ziwiri pakamodzi: kuyenda limodzi ndi ng'oma, komanso kulozera anzake komwe nyimbo ikukhotera. Anthu amaombera m'manja woimba wakutsogolo, wabesi ali phee kumbuyo, thukuta lili kamukamu. Tsono taganizani kuchita zonsezi ndi waya mmodzi wosolola m'tayala la galimoto, popanda chizindikiro cha pogwira, kungodalira khutu basi.

Lusoli silinayambe lero. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka ankaimba kwela ndi besi ya chingwe chimodzi, moti Gerhard Kubik wa ku Austria atawamva mu 1967 anayamba kuwajambula, mpaka anyamatawo anakaimba ku Ulaya. Masiku ano Gasper Nali wa ku Nkhata Bay watchuka kunja ndi babatoni yemwe amaimba ndi kamtengo ndi botolo. Nawo a Madalitso Band, omwe ankaimba m'misewu ya Lilongwe anthu akuwalambalala, anakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, ndipo kuchokera apo akhala akuzungulira maiko a ku Ulaya. Yobu Maligwa wakwera ndege chifukwa cha waya mmodzi womwewo.

Nanga kwa Chembe chikuvuta n'chiyani? Malo ogona alendo ndi mbwee m'mbali mwa nyanja, koma usiku ambiri amangotsegula nyimbo zapamakina zomwe mlendoyo wazisiya kwawo. Eni malowa atamaitana mabandi a m'mudzimo Loweruka lililonse, n'kugwirizana mtengo nyimbo isanayambe, kuimba kungasiye kufanana ndi kupemphetsa.

Koma tisanamizanepo: mwana wa Sitandade 4 amene akuyendayenda pagombe ndi chigubu anzake ali m'kalasi sakuphunzira jazi, akuphunzira kutambasula dzanja. Makolo ndi mafumu aike malire. Ana aziimba akaweruka, ndipo ntchito yausiku ipite kwa achinyamata okhwima.

Inunso Amalawi amene mumapita kunyanja pa Khirisimasi, musamangodikira mzungu kuti ndiye apise m'thumba. Itanani bandiyo, funsani mtengo, ndipo polipira muonetsetse kuti wababatoni walandira mofanana ndi woimba wakutsogolo uja.